A Malume Kamzati ndi Chimanga cha ku Beech Grove

Chisanu choyamba chagwa sabata yatha kuno ku South Bend. Nditatuluka m'mawa kuti ndizipita kuchipatala kumene ndimagwira ntchito, ndinapeza galasi la galimoto layera mbuu. Ndikupala madzi oundanawo, ndinaganiza zoimba foni ku Beech Grove, kwa achemwali anga, kuti ndifunse ngati chimanga chapulumuka. Foniyo ndinaitulutsadi m'thumba. Kenako ndinaibwezeramo. A malume Kamzati anamwalira chaka chatha, mu Seputembala 2008, ndipo chaka chino kuseri kwa nyumba ya achemwali anga sikunalimidwe.

Pamaliro awo sindinalire, ndipo mpaka lero sindinalirebe. Anthu ankati ndine wolimba mtima. Si kulimba mtima ayi. Ndili ngati mkono umene waugonera usiku wonse: uli nawo, koma ukautsina sumva kanthu. Ndikulemba izi kuti mwina ndimve kanthu.

A malume anali mlongo wawo wa mayi athu. Mayi atamwalira, ife tili ana, ndi iwo anatilera ine ndi achemwali anga a Esnart, ndi nyundo yawo yokhomera zidebe pa Mponela. Anali munthu wamfupi, wa zala zodzaza zipsera za malata, wosachedwa kupsa mtima komanso wochedwa kuiwala. Anabwera ku Indianapolis mu 2001, achemwali atawaitana kuti madokotala adzawachotse ng'ala m'maso. Maso anachira, koma kubwerera sanabwerere. Ankati sangasiye mbumba yawo m'dziko limene ngakhale mitengo yake sakuidziwa mayina. Patapita miyezi ndi pamene tinadziwa kuti nkhani yobwerera inalibemo m'mutu mwawo kuyambira pachiyambi, pakuti m'sokosi imodzi ya m'chikwama chawo munali mbewu ya chimanga cha makolo, ndipo mu inzake munali nthanga za maungu.

Sanabatizidwepo, ndipo sankabisa. Amalawi a kuno akakumana m'masitolo a mu Lafayette Road pogula ufa ndi usipa, funso loyamba silikhala loti kwanu n'kuti. Amafunsa kuti mumapemphera kuti. A malume ankayankha kuti kuseri kwa galaja, nkhope ili gwa, moti ena ankayesa kuti ndi mpingo watsopano. Akamvetsa, ankangoti oho, n'kuyamba kuyang'ana mitengo ya zinthu pa shelefu. Tchalitchi sankadana nacho. Lamlungu ankapukuta okha nsapato za ana, n'kuwaperekeza mpaka pagalimoto. Kungoti iwo ankati Chauta ndi wamkulu kwambiri, munthu wokhoma zidebe sangamufikire yekha maso ndi maso. Amadzera kwa amayi ake ndi agogo ake, amene akumudziwa ndi zofooka zake zomwe. Abusa awiri anayesa kuwatembenuza. Onse anabwerako atanyamula nkhwani.

Mdani wawo wa tsiku ndi tsiku anali alamu anga a Mwale, amuna awo a achemwali. A Mwale ndi munthu wofatsa, wokulira m'tauni ku Blantyre, mkulu wa mpingo, wa ntchito ya makompyuta. Nyumba ya ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, anagula ndi iwo, koma a malume ankawatchula kuti mkamwini m'nyumba momwemo, ngakhale pamaso pa alendo, ngati kuti a Mwale angobwera dzulo ndi mphasa kudzapempha malo. Nkhondo yoyamba inali ya kapinga. A Mwale ankamutchetcha Loweruka lililonse, kumuthirira, kumudyetsa feteleza. A malume anaonerera mwezi wathunthu, kenako anafunsa kuti udzuwo ukakula adye ndani. Tsiku lina a Mwale pobwera kuntchito anapeza theka la kuseri lasanduka mizere. Khasu a malume analisula okha kuchokera ku fosholo yakale.

Chimanga chakwathu chikafika kuno chimasokonezeka mutu. Masana a chilimwe cha kuno ndi aatali, ndiye icho chimangokula, kupitirira denga la galaja, osaganiza zobereka. Anthu oyandikana nawo ankaima pampanda kudabwa. Ngayaye zinkatuluka mochedwa, ndevu mochedwa, ndipo chinkakhwima mu Okotobala, pa mpikisano ndi chisanu. Nyengo imeneyo a malume sankasowa pa TV nthawi ya zanyengo. Chizungu sankachimva, koma mitundu ya pamapu ankaidziwa, ndipo mtundu wobiriwira ngati wa thambo ukayamba kutsika kuchokera kumtunda, ankamutukwana munthu wolengezayo ngati kuti chisanucho akuchikoka ndi iyeyo. Chaka china anafunditsa maungu mabulangete onse a m'nyumba, anthu n'kugona ndi majekete.

Lamulo lawo linali limodzi: cha m'mundamo palibe wodya eni ake asanalawe. Masamba ankalola, ankati masamba ndi ndiwo chabe. Koma chimanga ndi maungu, ayi. Ana a achemwali, Tadala ndi mlongo wake wamng'ono Yamikani, anakula akulidziwa lamuloli asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Ankazungulira m'mizere, kutsina zisononkho, kubwera kudzanena kuti “Agogo, it's ready,” ndipo a malume ankangoti dikira, osatembenuka n'komwe pa ndowa yovundikira imene inali mpando wawo.

Tsikulo likafika, linkakhala Loweruka m'mawa. Ine ndinkanyamuka ku South Bend dzulo lake. Achemwali ankakhala ataphika thobwa, akudandaula kuti akuchita izi chifukwa cha ulemu basi, koma chimera ankachisankha okha mosamala. Kuseri kwa galaja kuli mtengo waukulu, wogwetsa zipatso zolimba zodetsa m'manja. Si mtengo wa nsembe wakwathu, koma a malume anati mlendo sasankha, ndipo anaupepesa mtengowo chaka choyamba. Tonse tinkavula nsapato, udzu ukuzizira mpaka m'mano. A Mwale ankapeza chochita m'galaja, chitseko chili chotsekula pang'ono. A malume ankathyola chisononkho choyamba, kuchiwotcha pa mbaula imene anakhoma okha, kukonola njere zingapo n'kuziika patsinde, pamodzi ndi kachidutswa ka dzungu lophika. Kenako ankathira thobwa pang'onopang'ono, ife tikuomba m'manja, ndipo ankayankhula ngati munthu amene wafika pakhomo pa akuluakulu m'mamawa kwambiri.

“Inu a Nambewe, ndi ine Kamzati, mlongo wanu. Inu a Nankhoma, mayi anga. Pepani takudzutsani nyengo yolakwika. Kwanuko dzuwa likuswa mtengo, anthu akusosa, koma kuno ndi masika. Dziko lake ndi lotembenuka, musatione ngati tapenga. Lawani, kuti ana adye.”

Mayina ankapitirira, kubwerera m'mbuyo, amayi a amayi ndi alongo awo, mpaka kwa anthu amene anafa njanji isanafike. Akamaliza ankagwira mwana aliyense paphewa, kumuimika pamaso pa mtengo, n'kumutukula chibwano.

“Uyu ndi Tadala, mwana wa Esnart, Esnart wa Nambewe. Mukamuyankhula ayankha Chizungu, koma akumva. Ndi wanu. Muoneni bwino nkhope, wakula, mungadzamuphonye.”

Zikatha, ana ndi amene ankayamba kudya, wamng'ono poyamba. Ankadya mpaka mimba kuti ndendende, kumenyana ndi makoko, kupanga zidole za ndevu za chimanga, ndipo tsiku limenelo lokha a malume ankaseka mpaka kuonetsa pamene panalibe mano.

Ndinawafunsapo kamodzi, tikukonola nyemba, ngati ankaopa kuti mizimu ingatidwalitse tikaphonya chaka. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Anati zimenezo ndi nkhani za anthu a kutchalitchi kwathu; amayi awo sanali mfiti ali moyo, ndiye angayambe bwanji atafa. Anati akufa ndi nkhalamba chabe: ukadya osawagawira sakumenya, amangokhala chete n'kutembenukira kukhoma. Chimene ankaopa chinali china. Ife tinabadwira kumudzi, michombo yathu ili komweko, akutidziwa. Koma ana obadwira ku Indiana, ngati palibe wowaonetsa chaka ndi chaka, akwathu aja adzawadziwa bwanji? “Mwana woteroyo amayenda yekha,” anatero. “Akhoza kukhala ndi galimoto, ndi sukulu, koma kumbuyo kwake kulibe munthu.” Achemwali anawapemphapo kuti atchule mayinawo pang'onopang'ono, iwo alembe. Anakana. Anati chimene walemba umasiya kuchinyamula.

Kumapeto kwa Okotobala kunkabwera mkangano wina. Azungu a mu msewu wawo ankagula maungu akuluakulu, kuwaboola maso ndi mano, kuwaika pakhonde mpaka awole. A malume ankayenda mumsewumo manja ali kumbuyo, akupukusa mutu khomo ndi khomo, n'kubwera kudzatifunsa kuti pakati pa iwo ndi anthu amenewa wakunja ndani. Tadala atapempha dzungu limodzi la m'munda kuti aliboole, sanamuyankhule mpaka madzulo. Koma ana ovala zigoba, ogogoda m'makomo kupempha masiwiti usiku womaliza wa mweziwo, a malume ankawakonda. Mpingo unkaletsa ana athu kutuluka usiku umenewo. A malume ankakhala pakhonde ndi mbale ya masiwiti, akugawa mowolowa manja. Chinkawanyansa n'chimodzi chokha: zilombo za kuno zilibe mwambo, zimavula nkhope poyera kuti zidye siwiti.

Amene anawapeza a malume ndi a Mwale, madzulo ena a mu Seputembala chaka chatha, atakhala pa ndowa yawo, atatsamira khoma la galaja, chipewa chili kumaso. A Mwale anawapatsa moni kawiri, n'kulowa m'nyumba akuganiza kuti mkulu uja wayambanso zosayankha. Anatulukanso patapita kanthawi chifukwa udzudzu unali utayamba, ndipo a malume sanali kuupha. Chimanga chinali chitangotulutsa ndevu. Achemwali anali ndi pakati pa mwana wachitatu, ndipo chilimwe chonsecho a malume ankauza mimbayo kuti isafulumire, chaka chino yachedwa kale, adzaionetsa chaka chamawa.

Koma anthu a kuno akamakumbuka a Kamzati, sakumbuka zimenezi. Amakumbuka Lamlungu lina la mu Okotobala 2005.

Mpingo wathu wa Amalawi ku South Bend umakumana masana, m'tchalitchi chobwereka. Chaka chimenecho tinakonza tsiku la masika monga timachitira kwathu, aliyense abweretse zokolola kutsogolo. Kungoti kuno palibe amene amakolola. Anthu anabweretsa matumba a mpunga, mafuta ophikira, sopo, zam'zitini. A Mwale anaitanidwa ngati mlendo wochokera ku Indianapolis, ndipo anaganiza zobweretsa chinthu chenicheni. Loweruka masana, achemwali atapita ndi a malume ku Lafayette Road kukagula chimera cha thobwa la sabata yotsatira, a Mwale analowa m'munda, n'kuthyola zisononkho zabwino zonse za mzere woyamba. Anakweza ana m'galimoto, n'kukagona kwa anzawo ku South Bend. Sanachite mwachipongwe. Kwa iwo kuthokoza kunali kuthokoza basi, kaya patsinde kaya paguwa, ndipo paguwa ndiye pabwino koposa.

A malume anaona m'mawa mwake. Achemwali pofika kuchokera ku shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, anawapeza ataima panjira ya galimoto, atavala majombo a kumunda ndi jekete la maliro.

“Esnart, usazimitse. Tiye ku South Bend.”

“Malume, ndangoweruka kumene. Ndapanga double, mashifiti awiri, maso sakuona.”

“Msewu ndikuonera ine. Tiye.”

Achemwali amati ulendo wonsewo, wa maola pafupifupi atatu, a malume ankangowagwedeza bondo akaona kuti mutu ukugwa.

Ine ndinali pamipando ya kwaya. Chimanga chija chinali pakati pa tebulo, m'lichero, makoko atasendedwa pang'ono kuti njere zoyera zioneke. Mapemphero asanayambe anthu anali atachizungulira, kuchigwira, kuchinunkhiza. Nesi wina wachikulire, amene sanapiteko kumudzi kuyambira pamene anabwera, analira. Abusa anali pakati pa pemphero lodalitsa zopereka pamene tinamva majombo akulira pakati pa mipando. A malume anayenda mpaka kutsogolo, chipewa chili m'manja. Anagwada, n'kuomba m'manja mwaulemu, monga munthu amachitira pabwalo la milandu. Abusa anatsekula maso.

“Abusa, zikomo. Sindinabwere kudzasokoneza. Chimangachi chili ndi eni ake, ndipo sanalawe. Akalawa, ndidzakutumizirani thumba lathunthu.”

“Bambo,” anatero abusa mofatsa, “mwini wake wa zonse ndi Mulungu.”

“Eya, sindikukana. Koma Mulungu ali ndi omupatsa ambiri, taonani tebuloli. Amayi anga ali ndi ine ndekha.”

Kenako mayi wina kumbuyo anayamba kudzudzula ziwanda mokweza, ena n'kumuthandiza. A Mwale anaimirira, thukuta lili kamukamu, n'kunena chapansipansi kuti, “Malume, chonde, mukutichititsa manyazi. Tikadiskasa kunyumba.” A malume sanawayang'ane. Anayamba kutola zisononkho m'lichero, kuziika m'jekete limene anali atavula, akuzigwira ngati mazira.

Pamenepo ndi pamene Yamikani, yemwe anali asanayambe n'komwe sukulu, anaimirira pampando, wokondwa kuona agogo ake, n'kufuula kuti, “Agogo, I ate two!” Kumene anagona kuja, mayi wa pakhomopo anali ataphikako zina kuti ana alawe.

Anthu anaseka, ngakhale ena mwa odzudzula ziwanda aja. A malume sanaseke. Anakhala pansi penipeni, pa kapeti wa tchalitchi, miyendo atatambasula ngati mwana. Ndinawadziwa moyo wanga wonse, ndinawaona akuika m'manda mlongo wawo, akukangana ndi apolisi pamsika, koma mantha pankhope pawo ndinawaona tsiku limenelo lokha. Atapuma, anadzuka, kunyamula jekete lija, n'kutuluka ndi malaya okha kunja kukuzizira.

Panja panali malo oimikapo magalimoto, phula lokhalokha, ndi kamtengo kamodzi kowonda pakati, komangiriridwa ku chikhomo kuti kasagwe. Anapita pamenepo. M'thumba anali atatenga ufa pakapepala, ndipo achemwali anawapatsa botolo la madzi la m'galimoto. Anavula majombo, n'kuima osachita kanthu. Ankadikira ana.

Achemwali anali mlembi wa amayi mu mpingo wawo, ndipo theka la amayi a m'tchalitchimo ankawadziwa. Analowa ndi yunifolomu yawo ya usiku, maso ali psuu ndi tulo, n'kuyenda njira yomwe ija ya pakati. Anagwira Tadala dzanja. Pofika pa Yamikani, anapeza dzanja la a Mwale lili paphewa pa mwanayo.

“Esnart, ukudziwa chimene ukuchita?”

“Ndikudziwa. Anatilera ndi iwowa. Musiyeni mwana.”

Mpingo wonse unkaonerera. A Mwale anachotsa dzanja.

Ine ndinaima pakhomo, buku la nyimbo lili m'manja, ndipo ndinamva zonse. Ana anavula nsapato zawo za Lamlungu paphula. A malume anakonola njere zosawotcha, kusakaniza ufa ndi madzi m'chivundikiro cha botolo, n'kuthira patsinde pa kamtengoko. Anatchula mayina onse, osadumpha ngakhale limodzi. Kenako anamuimika Yamikani kutsogolo.

“Uyu wadya inu musanadye. Sanadziwe, ndi mwana. Bambo akenso sanadziwe, ndi a m'tauni. Wolakwa ndi ine, ndinasiya munda wopanda munthu. Ngati mukutembenukira kukhoma, tembenukirani ine. Uyu ndi Yamikani, wa Esnart, wa Nambewe. Musamusiye.”

M'katimo anali atayamba nyimbo, mokweza kuposa masiku onse. Panja achemwali ndi ana awiri ankaomba m'manja.

Thumba lija anatumizadi sabata yotsatira, ndipo ndinalinyamula ndine. Abusa sanadziwe poliika, ndiye linangokhala pakhonde la tchalitchi. Palibe amene analikhudza polowa. Potuluka, mmodzimmodzi, osayang'anana, anthu anatenga ziwiri zitatu, mpaka linatha. Koma achemwali sanasankhidwenso pa udindo uliwonse, ndipo ana a Amalawi anzathu anasiya kubwera kudzagona ku Beech Grove. Kumeneko kunali kwa akunja tsopano. Tadala anabwera tsiku lina akulira chifukwa mnzake anamuuza kuti kwawo amapembedza mtengo. A malume anamupukuta misozi ndi chipewa, n'kumuuza kuti akamuuze mnzakeyo kuti mtengo ndi pokumanirana chabe, ngati siteji ya basi. A Mwale ndi a malume sanayankhulane nyengo yonse yozizira. Mchere patebulo ankapemphana kudzera mwa Tadala. Chipale chitasungunuka, a Mwale anabwera ndi matumba a manyowa, n'kuwatsitsa pakhomo pa galaja osanena kanthu. A malume anawasuzumira, n'kunena kuti mkamwini wagula manyowa osapsa.

Thupi lawo tinalitumiza kumudzi, monga ankafunira. Ndinaliperekeza ndine, popeza achemwali sakanakwera ndege ndi mimba ija. Nditabwerera mu Okotobala, ndinapeza chimanga chitakhwima. Chinali chisanaberekepo choncho. Chisanu chinachedwa chaka chimenecho, ngati chikuchita dala, ndipo zisononkho zinali ziwiriziwiri paphesi, maungu ali mbwee pansi.

Palibe amene anathyola. Sitinapangane, sitinakambirane. Mnzawo wina wa a Mwale, mkulu wa mpingo mnzawo, anabwera kudzapepesa maliro, n'kupempha kuti atengeko pang'ono poti chingowonongeka. A Mwale anamuyankha kuti chili ndi eni ake. Atanena anaoneka odabwa okha, n'kulowa m'galaja. Loweruka lina ine ndi achemwali tinakhala kukhitchini kuti tiyese. Tinatchula a Nambewe, mayi athu. Tinatchula a Nankhoma. Pambuyo pake achemwali anati pamabwera a Nangozo, ine ndinati a Naphiri, ndipo panali dzina lina la mwamuna limene tonse tinkalimva m'makutu koma pakamwa silinkabwera. Zaka zonsezo tinkaomba m'manja, maganizo ali pa mapazi ozizira. Achemwali anati kutchula molakwika n'koipa kuposa kukhala chete. Ana anafunsa kawiri katatu kuti tidya liti, kenako anasiya kufunsa. Agologolo anadya zimene anatha, mbalame zinatsiriza, ndipo chisanu chitabwera mapesi anauma chiimire.

Mwana anabadwa mu Disembala, wamkazi. Dzina lake ndi Mphatso.

Lamlungu lapitali, chisanu chija chitagwa, ndinapita ku Beech Grove. Tinadya, tinakamba za ntchito ndi za chimfine chimene chavuta chaka chino. Dzina la a malume silinatchulidwe patebulo. Masana dzuwa litatuluka pang'ono, ndinanyamula Mphatso n'kupita naye kuseri. Tadala ananditsatira, wamtali tsopano, manja ali m'matumba a juzi.

A Mwale sanabzalemonso kapinga. Mizere ikuonekabe pansi pa udzu wa thengo, ndipo mapesi ena a chaka chatha akadali chiimire, otuwa, opindika pakati. Khasu la fosholo lili pakhoma, lachita dzimbiri. Mbaula yadzaza madzi a mvula ndi masamba. Ndowa ikadali pomwe paja, chovundikira, ndipo udzu wamera mozungulira, kupatula kutsogolo kwake pamene mapazi awiri anapondaponda mpaka dothi kulimba. Patsinde pa mtengo pali kadzenje kakang'ono kamene thobwa linakumba chaka ndi chaka. Mwagwera chipatso chimodzi chakuda.

“Auntie,” anatero Tadala, osandiyang'ana, akunena za mayina aja otchula patsinde, “is Agogo first now, or last?”

Ndinati sindikudziwa, mwanawe.

“Nobody showed them Mphatso.”

Ndinati ndikudziwa.

Ndinali nditamutsitsa mwanayo pansi chifukwa ankalimbana nane. Anakwawa pa masamba onyowa, kudutsa pamizere, kudutsa ndowa, mpaka pamtengo. Anagwira khungwa ndi manja onse awiri, n'kudzikoka mpaka kuimirira, miyendo ikugwedera. Anatukula chibwano yekha, kuyang'ana m'mwamba m'nthambi, nkhope yonse ili poyera. Anaima choncho kanthawi ndithu. Ine ndi Tadala tinali pomwepo, nsapato zili kumapazi, ndipo panalibe womutchula dzina.

Kenako achemwali anatsekula zenera la kukhitchini, n'kutiuza kuti timulowetse mwanayo, kunja kukuzizira.